Kodi Mulungu amayang'ana mabondo?

Kodi pemphero la munthu wokhala pabenchi limachedwa kufika kuposa la wogwada? Nkhani imeneyi yativuta pakhomo pathu kuno ku Area 25, chifukwa cha azakhali anga. Nyamakazi idawalowa m'mabondo: chichereŵechereŵe chidatha, mafupa amakhulana, m'mawa mwendo umauma gwa. Ululu amaupirira. Choopsa n'chakuti bondo lotere limangofooka mwadzidzidzi, makamaka podzuka.

Adokotala a mafizo adawayeza mosavuta. Adawauza adzuke pampando, ayende mamita 3, atembenuke, abwerere n'kukhalanso. Wotenga masekondi 12 kapena kuposa ndiye kuti sachedwa kugwa, ndipo azakhali adapitirira. Adafunsidwanso ngati adagwapo chaka chathachi, ngati mankhwala a BP amawachititsa chizungulire, ngati maso akuonabe bwino, ngati kuchimbudzi amachita kunyonyomala. Malangizo adali ndodo, yogwirira dzanja la mbali ya mwendo wabwinoko, mafizo olimbitsa ntchafu, ndi kuleka kugwada.

Ndodo adailandira. Zoleka kugwadazo adakanitsitsa. "Mwanawe, ndiziyankhula ndi Mulungu chiimire ngati ndikutsitsa mtengo wa tomato pa Nsungwi? Tsiku likakwana, lakwana."

Sindidawaseke. Kwathu ulemu uli m'mabondo: mwana amagwada popereka madzi, mkamwini amanjuta pamaso pa apongozi. Munthu amene wagwadira akulu moyo wake wonse ukamuuza kuti akhale pampando pamaso pa Mlengi, amamva ngati wamuvula.

Komabe sindivomerezana nawo. Davide adapemphera atakhala pansi, Hezekiya ali gone pamphasa ya matenda, ndipo onsewa adamvedwa. Msonkhano wa maepiskopi ku Nicaea m'chaka cha 325 udalamula kuti Lamulungu, ndiponso kuyambira Pasaka mpaka Pentekoste, Akhristu azipemphera ataimirira, pokondwerera kuuka kwa Yesu. Ndiye kuti mpingo udaonapo kuimirira kukhala ulemu woyenera masikuwo.

Zoti tsiku likakwana lakwana, n'zoona, koma azakhali omwewa amagona m'masikito ndipo usiku sagona asadayese loko kawiri. Kuwerenga masekondi sikulanda Mulungu mphamvu. Komanso kugwa kwa nkhalamba nthawi zambiri sikukwanitsa tsiku; kumatha kuthyola fupa la m'chiuno. Zotsatira zake ndi kugonekedwa ku Kamuzu Central, mabala a pamsana, ndi mdzukulu wosiya sukulu kuti azidikirira odwala. Ambiri sayendanso monga kale. Zimenezi sindingazitche nsembe yomwe Mulungu wapempha.

Tidakumana pakati, ngakhale iwo savomereza kuti adagonja. Kutchalitchi amakhala kumapeto kwa benchi, ena akagwada iwo amaweramitsa mutu. Kunyumba amagwadabe pa pilo, pafupi ndi bedi loti agwirire podzuka, ndipo wina wa ife amakhala pafupi. Kuchimbudzi mmisiri adatikhomera chitsulo chogwirira. Pa chimenecho sipadakhale mtsutso uliwonse.