Nkhani Isanalowe m'Nkhokwe

Palibe mlimi wanzeru m'mapiri muno mwa Dowa ndi Ntchisi amene athira cimanga m'nkhokwe monga momwe wacitutira kumunda. Ayamba wasankha: cobvunda ataya, cofumbwa apatula, ndipo cokoma cokha ndico asunga, pakuti adziwa kuti cimene cilowa m'nkhokwe lero ndico cidzadyedwa ndi ana ace m'miyezi ya njala. Tsono iripo nkhokwe yina, yosalukidwa ndi nsungwi, m'mene anthu a makono asungamo mbiri ya maiko, ya midzi ndi ya anthu. Ndipo tifuna kulingalira pamodzi ndi inu, awerengi okondedwa, za kasankhidwe ka zinthu zolowa m'menemo.

Nkhokweyo ndiyo buku lochedwa insaikulopediya, losonkhanitsa nzeru za mitundu mitundu. Kale mabuku otere anali a mtengo wapatali, osapezeka koma m'nyumba za ophunzira. Koma m'caka ca 2001 Jimmy Wales ndi Larry Sanger a ku America anayamba lina pa intaneti, dzina lace Wikipedia, limene munthu ali yense wokhala ndi foni akhoza kuliwerenga kwaulere, inde ndi kulembamonso. Lilembedwa m'zinenero zoposa 300, ndipo Cicewa cathu ciri pomwepo, zingakhale nkhani zace zikali zowerengeka. Popeza alembi ace ali ambirimbiri ndi osadziwana, anapangana lamulo lakuti munthu asalembemo za m'mutu mwace, koma asonyeze kumene nkhaniyo inasindikizidwa kale. Ndipo popeza zambiri za kwathu kuno sizinalembedwe m'mabuku, alembiwo atapa m'masamba a nkhani a pa intaneti. Apa ndipo pagona funso lathu: mwa masamba onsewa, mboni yoyenera kuikhulupirira ndi iti?

Wina adzati, Imeneyo ndi nkhani ya ophunzira a ku Lilongwe, ife a kumudzi itikhudza bwanji? Itikhudza ndithu. Ana athu a sukulu atapa m'nkhokwemo. Mlendo wa kutsidya kwa nyanja akafuna kudziwa za Dzaleka kapena za Mvera ayamba wayang'ana momwemo. Ndipo ife tomwe, pamene foni ilira m'thumba ndi kutibweretsera mbiri, tiri nao mlandu womwewo wakuweruza, ngati tiilandire kapena tiikane.

Cimene zaka zapitazo zitiphunzitsa

Tiyambire pa Dzaleka pomwepa. Asanakhale mudzi wa othawa nkhondo m'caka ca 1994, malowa anali ndende ya boma la Dr. Kamuzu Banda, ndipo mwa omangidwa pamenepo munali a Mboni za Yehova ambirimbiri, amene mpingo wao unaletsedwa m'caka ca 1967. Masiku amenewo nyuzi ndi wailesi za m'dziko muno zinali m'dzanja limodzi, ndipo zimene anazidziwa amai otunga madzi m'midzi yoyandikana ndi ndendeyo sizinali zoti mtolankhani angazilembe nakagona kwace. M'mwezi wa May 1983 dziko linauzidwa kuti nduna zitatu, Dick Matenje, Aaron Gadama ndi Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu David Chiwanga, anafa pa ngozi ya galimoto ku Mwanza; koma bungwe lofufuza limene linaikidwa m'caka ca 1994 linapeza kuti anacita kuphedwa. Mlembi amene akadatapa m'nyuzi za 1983 zokha akadasunga bodza m'nkhokwe, iye ali ndi mtima woyera.

Ndiponso pa 5 April 2012 Mtsogoleri Bingu wa Mutharika anamwalira ku Lilongwe, koma akuru ena a boma anabisa imfayo, natumiza thupi ku South Africa monga la munthu wodwala, ndipo maliro sanalengezedwe kufikira pa 7 April. Masamba a pa intaneti ndi mawailesi a kunja anali atanena kale. Pamenepo iwo ndiwo ananena zoona. Koma patapita zaka zinai, m'caka ca 2016, pamene Mtsogoleri Peter Mutharika anacedwa kubwera kucokera ku msonkhano wa United Nations ku New York, mbiri inawanda pa Facebook ndi m'mafoni yakuti wamwalira. Ndipo pa 16 October anatsika ndege ku Lilongwe ali wamoyo.

Taonani tsono: sitingathe kunena kuti za boma zonse ziri zoona ndi za pa intaneti zonse zabodza, kapena kutembenuza mauwo. Mboni siiyesedwa ndi pfuko lace kapena cobvala cace, koma ndi macitidwe ace. Akuru anati, Ali dere n'kulinga utayenda naye.

Mafunso asanu a pabwalo

Makolo athu anadziwa kuyesa mboni pabwalo la mfumu kalekale foni isanaoneke, ndipo Malembo atiphunzitsa comweco. Tiyeni titenge nzeru yomweyo ndi kuiika pa masamba a nkhani.

Coyamba, wonenayo ndani? Pabwalo munthu aimirira poyera, dzina lace ndi mudzi wace zidziwika, ndipo akanama alipitsidwa. Momwemonso tsamba la nkhani liyenera kukhala ndi mkonzi wodziwika dzina, ndi nyumba imene wolakwiridwa angakagogodeko. Nyuzi zonga The Nation, imene Aleke Banda anaiyamba m'caka ca 1993, ndi The Daily Times, ndi wailesi ya Zodiak, ziri nao masamba ao pa intaneti. Sitinena kuti sizilakwa, koma zikalakwa munthu adziwa wokamsumira, kaya ku khoti kaya ku bungwe la Media Council of Malawi. Koma tsamba lopanda dzina la mwini lifanana ndi munthu wopfuula m'thengo usiku. Kapena anena zoona, koma palibe mfumu imene ingamange mlandu pa mau ace.

Caciwiri, anadziwa bwanji? Anaona yekha, kapena anamva kwa woona, kapena angoti akuti, akuti? Mlaliki Luka, poyamba buku lace, auza Teofilo kuti analondola zonse mosamalitsa kwa iwo amene anaona ndi maso. Mtolankhani wokhulupirika acita cimodzimodzi: achula amene anamuuza, tsiku ndi malo, ndipo afunsanso wonenezedwayo kuti ayankhe. Nkhani yopanda zimenezi iri ngati nyama yogulitsidwa usiku yopanda cikopa, imene palibe adziwa mbuzi yace inali ya yani.

Cacitatu, zibvomerezana mboni zingati, ndipo zacokera kuti? Cilamulo ca Mose cifuna mboni ziwiri kapena zitatu. Koma kumbukirani Naboti. Mboni zimene zinamphetsa zinalidi ziwiri, ndipo mau ao anagwirizana bwino lomwe, popeza zonse ziwiri zinaphunzira mauwo m'kalata imodzi ya Yezebeli. Pa intaneti cinthu ici cicitika masiku onse: tsamba limodzi lilemba, ena asanu akopera osasintha ngakhale liu limodzi, ndipo wowerenga ayesa kuti wamva mboni zisanu ndi imodzi. Madzi a citsime cimodzi sasanduka a zitsime zisanu cifukwa cakuti atungidwira m'mitsuko isanu. Coipa coposa ndi ici: wina alemba bodza m'Wikipedia, mtolankhani waulesi alitenga naliika m'nyuzi yace, ndipo pambuyo pace nyuzi yomweyo ichulidwa m'Wikipedia monga umboni. Pamenepo bodza labala amace.

Cacinai, adya kwa yani? Masamba ambiri apeza ndalama monga mwa unyinji wa owerenga, cifukwa cace mutu wa nkhani woopsa uwapindulitsa koposa woona. Ena adyetsedwa ndi cipani, ena ndi boma, ena ndi wamalonda. Sitinena kuti mboni yotere itayidwe konse, koma ifunsidwe zimene ingathe kuzicitira umboni. Tsamba la boma likhulupirika pa kutiuza cimene nduna inanena. Koma ngati cimene inanenaco ciri coona, tikafunse kwina. Bungwe la UNHCR, limene lilemba maina a okhala pa Dzaleka, lidziwa ciwerengero cao koposa munthu wodutsa pa mseu. Koma likadandaulidwa ilo lomwe, silingakhale woweruza mlandu wace.

Cacisanu, akalakwa atani? Munthu woongoka abwera pabwalo nanena kuti dzulo anaphonya. Wocenjera afafaniza mapazi ace mwakacetecete, monga ngati sananene kanthu. Tsamba limene likonza zolakwa zace poyera likhulupirika koposa limene silinabvomerepo colakwa ndi kale lonse. Ndipo kukula kwa dzina sikuthandiza pano. M'mwezi wa February 2017 alembi a Wikipedia ya Cingerezi, atakambirana masabata angapo, anagwirizana kuti nyuzi ya Daily Mail ya ku London, imene inayamba m'caka ca 1896 ndi kuwerengedwa ndi anthu osawerengeka, isayesedwenso mboni yodalirika, cifukwa ca kusafufuza, kukometsera nkhani ndi kupeka. Potero tisaganize kuti kanthu kali koona cifukwa kacokera ku Ulaya.

Cotsutsa cimene tiyenera kucimva

Koma wina wolingalira bwino adzati, Mukaumitsa muyeso cotere, kodi osauka sadzatsekedwa pakamwa? Nyuzi zazikuru ziri m'matauni, ndipo zikumbukira Dzaleka makamaka pakagwa bvuto, kapena pa cikondwerero ca Tumaini cimene Menes La Plume, wolemba ndakatulo wa ku Congo, anaciyamba m'caka ca 2014. Nanga za sukulu zao, mipingo yao ndi misika yao adzalemba ndani? Nanga mbiri ya mafumu ndi midzi ya kuno, imene iri m'mitu ya nkhalamba zokha?

Mau awa ali olemera, ndipo sitiwapeputsa. Nzoonadi kuti lamulo lofuna umboni wosindikizidwa likomera iwo amene ali ndi makina osindikizira. Koma mankhwala ace sali kuboola licero kuti mankhusu apite pamodzi ndi ufa. Pakuti muyeso ukafewa, woyamba kubvulala ndi wosauka yemweyo. Mankhwala ace ndiwo kucita monga anacitira Samuel Ntara, mphunzitsi wa Misyoni ya Nkhoma, amene anafunsa akuru za makolo ao nalemba buku la Mbiri ya Achewa, kotero kuti zimene zinali za pakamwa zinasanduka zoti wina aliyense angaziwerenge ndi kuziyesa. Anyamata ndi asungwana a pa Dzaleka ndi a m'midzi yathu akhoza kucita comweco. Ndipo tsamba laling'ono likacita mokhulupirika caka ndi caka, lidzipangira dzina monga munthu adzipangira dzina pamudzi. Kufikira pamenepo, nkhokwe yosadzala iposa yodzala ndi zofumbwa.

Amene alipira mtengo wa bodza

Nkhaniyi siiri ya mapepala cabe ai. Muli mwazi ndi misozi m'menemo. M'caka ca 2017 mbiri ya anamapopa inawanda ku Mulanje, ku Phalombe ndi ku Thyolo, ndipo anthu osacepera 8 anaphedwa ndi makamu, wopanda wina wakuonetsa ngakhale dontho limodzi la mwazi wopopedwa. Kawirikawiri wogwidwa pa mbiri zotere ndi mlendo, amene alibe mbale womuimira.

Ganizirani tsono za anansi athu a pa Dzaleka. Malo amene anakonzedwera anthu 10,000 kapena 12,000 anali ndi oposa 50,000 pofika caka ca 2023, ocokera ku Congo, ku Burundi, ku Rwanda ndi maiko ena. M'mwezi wa May caka comweco apolisi ndi asilikari anagwira ambiri amene anali kukhala ndi kucita malonda ku Lilongwe ndi m'matauni ena, nawabwezera komweko, ena atayamba agona m'ndende ya Maula. Pa nyengo yotere mitima itentha, ndipo cimo la munthu mmodzi lisenzetsedwa msanga pa mtundu wonse. M'caka ca 2005 wina analemba m'Wikipedia bodza lakuti John Seigenthaler, mtolankhani wokalamba wa ku America, anaganiziridwa pa imfa ya John Kennedy ndi mbale wace Robert, ndipo linakhalamo miyezi inai. Iyeyo anali ndi abwenzi ndi nyuzi yoyankhiramo, kotero kuti alembi a bukulo anaumitsa malamulo ao pa nkhani za anthu amoyo. Koma wothawa nkhondo akanamiziridwa adzayankhira kuti? Mbiri ya pakamwa iuma ngati mame, koma yolembedwa m'nkhokwe ikhala, ndipo idzamdikira tsiku limene adzafuna nchito kapena malo m'dziko lina. Pepani sapoletsa cilonda.

Cifukwa cace, abale ndi alongo, lamulo lacisanu ndi cinai, loletsa kunamizira mnzathu, siligwira wopeka bodza yekha ai. Ligwiranso wolisenza ndi wolisunga. Cala cimene cituma nkhani kwa anthu makumi asanu ciri ndi mlandu womwewo wa lilime. Anthu a ku Bereya anayamikidwa popeza anayesa tsiku ndi tsiku mau a Paulo yemwe. Nanga ife tidzameza bwanji mau a munthu wosadziwika dzina osatafuna? Nkhani ikafika, tisafulumire. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Tifunse mafunso asanu aja, ndipo tiphunzitse ana athu kuwafunsa, makamaka iwo amene Mulungu wawapatsa mphatso ya kulemba. Ikalephera kuyankha, ithere pa ife. Ikayankha bwino, tiisunge, ingakhale iwawa kwa mtundu wathu kapena cipani cathu. Mulungu wa coonadi, amene akonda mlendo ndi mwana wamasiye, atipatse makutu odekha ndi manja okhulupirika, kuti adzukulu athu akadzatsegula nkhokwe imene tawasiyira, adzapezemo cakudya cowapatsa moyo.