Kodi Wobwereka Munda Audyetse?

Akhristu anzanga, lilipo funso limene likuvuta ambiri m'midzi mwathu. Munthu wabwereka munda wa mnzake kwa chaka chimodzi kapena ziwiri. Kodi ayenera kudzivuta kubzalamo kalongonda ndi kumukwirira m'mizere, podziwa kuti chonde chake adzadyerera ndi wina?

Tiyambe taona ntchitoyo. Mbewu za mtundu wa nyemba zili ndi timatuza kumizu, m'mene mukhala tizilombo tosaoneka ndi maso. Ito timatenga nayitrojeni mumpweya ndi kudyetsa mbewuyo. Mlimi akakwirira kalongonda akali wamuwisi, pamene wachita maluwa ndipo dothi likali ndi chinyontho cha mvula yotsiriza ya Marichi kapena Epulo, masamba aja amavunda bwino, nasanduka chakudya cha chimanga cha chaka chamawa. Dothi lotero limasunganso madzi pa nthawi ya ng'amba. Akachedwa kufikira pansi pataumiratu, kalongonda uja wamwa kale chinyontho chonse ndipo zokwiriridwazo sizivunda msanga. Mapesi ouma okwiriridwa pafupi ndi tsiku lobzala amayamba alanda chakudya cha mbewu, chimanga n'kuchita chikasu. Tsono ntchitoyi ifuna thukuta pa nthawi yake yeniyeni, ndipo phindu lake lichedwa.

Wobwereka angathe kunena kuti: “Ndalipira ndalama zanga, ana anga ali ndi njala, ndikometserenji munda wa eni?” Mawu amenewa sitiwanyoza, chifukwa njala si masewera. Komatu lingalirani. Wobwereka khasu salibweza lobenthuka, nanena kuti analipira. Chonde cha m'munda ndi chuma monga khasu lomwe. Kungoti chikatha sichioneka tsiku lomwelo, ndipo amene adzazindikira ndi mwana wa mwini munda, podzakolola mitanga iwiri pamene atate ake ankakolola khumi. Lamulo lachisanu ndi chiwiri loletsa kuba silileka kugwira ntchito chifukwa chakuti wobedwayo sanabadwe.

Buku la Levitiko, mutu 25, lilamula kuti nthaka ipumule chaka chachisanu ndi chiwiri, ndipo liphunzitsa kuti mwini wake weniweni ndi Mulungu. Papa Francis anatikumbutsa zomwezo m'kalata yake ya Laudato Si' m'chaka cha 2015. Potero ngakhale iye amene munda anausiyiridwa ndi makolo ake ali wobwereka.

Koma chilungamo chili ndi mbali ziwiri. Alipo eni minda amene, akaona kuti wobwereka wabwezeretsa chonde, amamlanda mundawo msangamsanga kapena kumkwezera mtengo. Ameneyo akolola thukuta la mnzake, ndipo tchimo lake liposa la woyamba uja. Khalidwe lotere ndilo liphunzitsa obwereka kugugitsa minda dala.

Inu akatekisiti, ntchito yanu ili apa. Langizani Akhristu kuti pobwerekana minda azipangana poyera, pamaso pa amfumu kapena akulu a mpingo, za zaka zitatu kapena kupitirira, kuti wokwirira kalongonda adyeko chimanga chake. Wobwereka abweze munda wosaonda, mwini munda asunge pangano. Makolo athu anati kupatsa n'kuika. Chimene tikwirira m'mzere mwezi wa Epulo sichitayika, ngakhale wodzakolola akhale mnzathu.