Mfundo zofunika kuchokera kwa banja losaka nyenyezi za mchira

Pa anthu amene anathandiza dziko kudziwa kuti kumwamba kumagwa miyala yotha kupha zamoyo, mayina awiri sangasowe: a Eugene Shoemaker ndi akazi awo mayi Carolyn, a ku America. Bambowa anali katswiri wa miyala, mayiwa anali katswiri wosaka nyenyezi za mchira. Funso limene linkawasowetsa tulo linali limodzi: kodi zimene zikuyenda kuthambo zimagunda dziko kangati, ndipo zikagunda zimasiya zotani? Moyo wawo uli ndi zoti tiganizire.

1. Ulemu kwa akuluakulu usakutseke maso

M'chipululu cha Arizona muli chidzenje chotchedwa Meteor Crater, chotambalala mamita pafupifupi 1,200, chakuya mamita 170. Mu 1891 a Grove Karl Gilbert, katswiri wa miyala wolemekezeka kwambiri m'boma la America, anachiyendera n'kugamula kuti chinakumbika ndi kuphulika kwa nthunzi ya pansi pa nthaka. Poti wanena ndi mkulu, ambiri anangovomera. Mkulu wina wa za migodi, a Daniel Barringer, anakana. Ankakhulupirira kuti panagwa chimwala chachitsulo, ndipo anatsanulira chuma chawo pokumba kuti achipeze, mpaka anamwalira mu 1929 asanachione. Ankanena zoona kuti chinagwa kuchokera kumwamba, koma sanadziwe kuti chitsulocho chinaphwanyika, china n'kusungunuka pomwepo.

A Shoemaker, ali mnyamata m'zaka za m'ma 1950, sanayambe ndi kusankha mbali. Anali ataona maenje amene mabomba a nyukiliya anasiya ku Nevada, ndipo atafika ku Arizona anapeza zofanana: m'mphepete mwa dzenje miyala inali yotembenuzika, ya pansi ili pamwamba. Mu 1960 iwo ndi a Edward Chao anapeza m'menemo mtundu wa mwala wotchedwa coesite, umene umapangika pokhapokha mwala ukapanikizidwa ndi mphamvu yoposa imene phiri lophulika lingatulutse. Mkangano wa zaka 70 unathera pamenepo. Chimene ndimachikonda pa nkhaniyi n'chakuti mnyamatayu sanapambane chifukwa chokweza mawu kapena kunyoza a Gilbert. Anapita pamalopo, anagwada, anatola miyala.

2. Ulendo umene wakukanika, konzera ena

A Shoemaker ankafunitsitsa kukhala katswiri wa miyala woyamba kuponda pamwezi. Madokotala atawapeza ndi matenda a Addison, maloto aja anathera pomwepo. Munthu wina akanakhala ndi nsanje, kapena kungosiya zonse. Iwo anatenga oyenda m'mlengalenga a ulendo wa Apollo wopita kumwezi n'kumapita nawo ku chidzenje cha ku Arizona chija, kuwaphunzitsa kuwerenga miyala. A Harrison Schmitt, katswiri wa miyala amene anafika pamwezi mu 1972, anadutsa kaye m'nthambi ya kafukufuku imene a Shoemaker anayambitsa. Bambowa atamwalira pa ngozi ya galimoto ku Australia pa 18 Julaye 1997, ali pa ulendo wofufuza maenje, gawo la phulusa lawo linaikidwa m'chombo cha Lunar Prospector, chimene chinakagwera pamwezi pa 31 Julaye 1999.

3. Kuona maso a nkhono n'kudekha

Mayi Carolyn sanaphunzire sayansi kusukulu. Anaphunzira mbiri yakale ndi ndale, anaphunzitsako pang'ono, kenako analera ana atatu. Anawo atakula, mu 1980, mayiwa ali ndi zaka 51, m'pamene anayamba ntchito ya zakuthambo. Pa msinkhu umene ambiri amati nthawi yophunzira zatsopano inadutsa, iwo anali kuyamba kumene.

Ntchito yake siinali yosangalatsa monga tingaganizire. Kuphiri la Palomar ku California kunali telesikopu yaing'ono ya masentimita 46. Usiku wonse, kukuzizira, ankajambula chigawo chimodzi cha thambo kawiri, n'kusiya mpata wa nthawi pakati pa zithunzi ziwirizo. Kukacha, mayi Carolyn ankaika mafilimu awiriwo m'chipangizo choti diso lililonse lizipenya filimu yake. Nyenyezi zenizeni zimaoneka zili pamalo amodzi pa zithunzi zonse ziwiri, koma chinthu chimene chasuntha chimaoneka ngati chayandama pamwamba pa zinzake. Tangoganizani kufunafuna kadontho kamodzi koyandama pakati pa timadontho zikwizikwi, filimu pambuyo pa filimu, chaka ndi chaka, masiku ambiri osapeza kanthu. Mwa njira imeneyi mayiwa anapeza nyenyezi za mchira 32 ndi miyala ya m'mlengalenga mazanamazana, ndipo pa nthawi ina palibe munthu amene ankawaposa pa chiwerengero cha nyenyezi za mchira.

Timakonda kutamanda nzeru zothwanima, zoti munthu wangodzuka n'kutulukira chinthu. Ine ndikuona kuti khama lobwereza ntchito yotopetsa mosamala, pamene palibe wokuona, ndi khalidwe losowa kuposa nzeru.

4. Chimene wadziwa, chifikitse kwa ochifuna

Chaka chomwecho cha 1980, a Luis Alvarez, mwana wawo Walter, a Frank Asaro ndi mayi Helen Michel analengeza zimene anapeza m'kamzere kopyapyala ka dongo ku Gubbio, m'dziko la Italy. Dongolo linali ndi chitsulo cha iridium chochuluka modabwitsa, chitsulo chosowa pa nthaka ya dziko lino koma chopezeka kwambiri m'miyala yochokera kuthambo. Kamzereko kali ndendende pamene zinyama zija zotchedwa dinosaur zinathera, zaka 66 miliyoni zapitazo. Iwo anati panagwa chimwala cha makilomita pafupifupi 10, fumbi linaphimba dzuwa, zomera zinafota, njala inapha zodya zomera kenako zodya nyama. Mitundu itatu mwa inayi iliyonse ya zamoyo inatheratu.

Otsutsa anafunsa funso loyenera: nanga dzenje lake lili kuti? Apa m'pamene pali phunziro lowawa. Dzenjelo linali litaonedwa kale. Mu 1978 a Glen Penfield, pofufuza mafuta m'kampani ya Pemex ku Yucatán m'dziko la Mexico, anazindikira chizungulire chachikulu chokwiririka pansi. Mu 1981 iwo ndi a Antonio Camargo anakamba za chimenechi pa msonkhano wa akatswiri, koma uthengawo sunafike kwa amene ankasaka dzenjelo. Panapita zaka khumi, mpaka 1991, pamene a Alan Hildebrand ndi anzawo anasindikiza umboni wa dzenje la Chicxulub, lotambalala makilomita pafupifupi 180. Ofunsa anali mbali ina, odziwa yankho mbali ina. Zotere zimachitika m'maofesi, m'mipingo ndi m'mabanja momwe.

5. Usanyoze chida chopunduka, koma usathamangire kulengeza

Usiku wina mu Malichi 1993, ku Palomar kunali mitambo, ndipo mafilimu ena anali atawonongeka pang'ono chifukwa bokosi lake linalowa kuwala. Banja la a Shoemaker linali ndi mnzawo David Levy, munthu amene anaphunzira za mabuku a Chingelezi koma ankasaka nyenyezi chifukwa chozikonda. Anagwirizana zogwiritsa ntchito mafilimu owonongekawo m'malo mongokhala. Pa imodzi mwa mafilimuwo, pafupi ndi pulaneti ya Jupiter, mayi Carolyn anaona chinthu chachilendo, chooneka ngati nyenyezi ya mchira yophwanyidwa.

Sanakhutire ndi maso awo okha. Anapempha a Jim Scotti, amene anali ndi telesikopu yamphamvu ku Kitt Peak, kuti ayang'ane. Iwo anatsimikiza kuti zinali zidutswa zambiri zondondozana. Nyenyeziyo inatchedwa Shoemaker-Levy 9, ndipo kunapezeka kuti mphamvu yokoka ya Jupiter inaing'amba mu Julaye 1992 itadutsa pafupi kwambiri.

6. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe

Kuyambira pa 16 mpaka pa 22 Julaye 1994, zidutswa 21 zinagunda Jupiter chimodzichimodzi, pa liwiro la makilomita 60 pa sekondi. Aka kanali koyamba anthu kuona zinthu ziwiri zakuthambo zikugundana. Chidutswa chimodzi chinasiya chipsera chakuda chotambalala makilomita pafupifupi 12,000, kukula kwake ngati dziko lathu lonseli. Zimene a Shoemaker ankanena kwa zaka zambiri, anthu ena n'kumaziyesa nthano za kalekale, zinachitika aliyense akuona.

Chofunika n'chimene anthu anachita ataona. Mu 1998 bungwe la NASA linapatsidwa ntchito yopeza miyala 90 mwa 100 iliyonse yoposa kilomita imodzi imene imadutsa pafupi ndi dziko. Pa 26 Seputembala 2022 chombo cha DART chinagunda dala mwala wotchedwa Dimorphos n'kufupikitsa ulendo wake wozungulira mnzake ndi mphindi zoposa 30, kusonyeza kuti mwala ungakankhidwe ngati waonedwa nthawi ikadalipo.

Nkhawa ili pa mawu akuti nthawi ikadalipo. Mwala wa mamita pafupifupi 20 umene unaphulika pamwamba pa mzinda wa Chelyabinsk ku Russia pa 15 Febuluwale 2013 unabwera kuchokera mbali ya dzuwa popanda wouona, ndipo anthu pafupifupi 1,500 anavulala, ambiri ndi magalasi a mawindo. Nyenyezi za mchira zochokera kutali nazonso sizipereka mpata wokwanira: ya Siding Spring inaonedwa mu Januwale 2013, ndipo pofika Okutobala 2014 inali itadutsa kale pa mtunda wa makilomita pafupifupi 140,000 kuchokera ku pulaneti ya Mars. N'chifukwa chake kulondera thambo kukufunika mbali zonse za dziko, osati kumpoto kokha. Kuyambira 2022, imodzi mwa matelesikopu a ATLAS ikugwira ntchito imeneyi usiku uliwonse wopanda mitambo ku Sutherland, m'dziko la South Africa, ndipo imajambula malo amodzi kangapo n'kufunafuna chimene chasuntha, monga ankachitira mayi Carolyn.