Kodi Wopeka Nkhani Ndi Wabodza?

Makolo athu adatilera ndi malamulo awiri amene, poyang'ana msanga, amaoneka ngati akutsutsana. Masana ankatidzudzula tikanena bodza, ngakhale laling'ono lokana kuti sindife tatapa shuga. Koma dzuwa likalowa, anthu omwewo ankatisonkhanitsa ndi kutisimbira za Kalulu wopusitsa Njovu, za Fisi wofunsira mbeta, zinthu zimene sizidachitikepo chilengedwere dziko. Nanga iwo sankanama kodi? Ngati sankanama, kusiyana kwake kuli pati?

Funso limeneli silachibwana ai. Ku Kawale, ku Biwi, ku Chinsapo, ku Area 23, ku Area 25 ndi ku Mgona kuli anyamata ndi atsikana amene amalemba nkhani zazifupi m'makope otsala a kusukulu. Posowa wowasindikizira, ena amaziwerenga ndi mau ao nazijambula pa foni, ndipo pofika m'mawa mwake nkhaniyo yamveka kale m'nyumba zimene mlembiyo sadapondemo. Ana amenewa ndi athu. Tiyenera kudziwa ngati ntchito imene aigwirayi njolemekezeka, ndiponso chimene chingaisandutse yoipa.

Kuchoka pa pepala kufika m'khutu

Ulendo wa mlembi wa Chichewa sudakhalepo wapafupi. Samuel Josia Nthara, mphunzitsi wa ku Nkhoma, adatulutsa Nthondo mu 1933, ndipo chaka chotsatira bukulo lidatuluka m'Chingerezi. John Gwengwe adatipatsa Sikusinja ndi Gwenembe mu 1965. Willie Zingani adatipatsa Madzi Akatayika ndi Njala Bwana m'zaka za m'ma 1980. Komatu pambali pa ochepa amene adafika ku makina osindikizira a ku Nkhoma, ku Likuni kapena ku Limbe, padali ambiri amene zolemba zao zidathera m'sutikesi, chiswe nkudyerera. Ndiponso buku, ngakhale litasindikizidwa, limafuna zinthu zitatu: ndalama zogulira, maso odziwa kuwerenga, ndi nyale. M'nyumba zambiri za m'malokeshoni mwathu zitatuzi sizipezekera pamodzi.

Khutu silifuna zonsezi. Nchifukwa chake wailesi ya MBC itakhazikitsidwa mu 1964, alembi adapeza njira ina, ndipo masewero onga Kapalepale ndi Pamajiga adalowa m'nyumba za anthu amene sadagulepo buku. Koma amene adaonetsa poyera kutalika kwa njira imeneyi ndi Julius Chongo wa ku Zambia. M'zaka za m'ma 1960 ndi 1970 iye ankasimba nkhani m'Chinyanja pa wailesi ya ku Lusaka, m'pologalamu yotchedwa Poceza m'Madzulo. Zina adazitenga ku nthano za makolo nazikonza mwatsopano, zina adazipeka yekha. Munthu mmodzi yemweyo ankasinthasintha mau, pano nkhalamba, apo mtsikana, uko chilombo, kotero kuti womvera ankaiwala kuti m'chipinda choulutsira mau mulibe khamu. Mu 1979 Ernst Wendland adalandira digiri ya ukachenjede ku yunivesite ya Wisconsin ku America atafufuza luso la nkhani zimenezi, ndipo mu 2004 zina mwa izo zidatuluka m'buku. Taonani kutembenuka kwa zinthu: mau ndiwo adatsogola, buku lidatsata pambuyo.

Motero mlembi wofika kwa anthu kudzera m'khutu tisamuyese mlembi wochepa. Koma tizindikire kuti mau ali ndi mphamvu imene pepala lilibe. Buku timalitsegula tokha, pamene mau amalowa m'nyumba osanena odi. Buku amawerenga ndi mmodzi, pamene mau amawamva ndi onse okhala m'chipindamo, agogo ndi kamwana komwe. Ndipo munthu amakhulupirira msanga liu la munthu mnzake, ndi kunjenjemera kwake, ndi kuusa moyo kwake, kuposa zilembo zouma. Apa mpamene funso lathu lija limakulira.

Bodza nchiyani?

Anthu anzeru adalimbana nalo kalekale. Plato wa ku Athens, zaka zoposa 350 Khristu asadabadwe, polongosola za mzinda wabwino adafuna kuti alakatuli ambiri asaloledwemo. Iye adaona kuti anthu otere amatsanzira zinthu zimene sazidziwa bwino, nautsa mitima ya achinyamata popanda kuiwongola. Patapita zaka mazana angapo, cha m'ma 395, Augustine Woyera wa ku Hippo adalemba buku lonena za bodza. Iye adaona kuti muzu wa bodza uli mumtima: wabodza ndiye amene ali ndi china m'kati, natulutsa china kunja, kuti mnzake asokere. Nchifukwa chake nthabwala adaziika padera, pakuti wonena ndi wakumva yemwe amadziwa kuti akuseka.

Makolo athu sadawerenge mabuku amenewa, koma nzeruyi adali nayo. Nthano idali ndi nthawi yake, madzulo ntchito zitatha, ndiponso idali ndi khomo lake. Wosimba ankati, "Padangotero," ndipo omvera ankayankha, "Tili tonse." Mau amenewa adali pangano. Wosimba ankatanthauza kuti zimene ndinene tsopano musakaziperekere umboni kubwalo la mfumu. Omvera ankatanthauza kuti tamva, talola, tiyeni nazoni. Pamene pali pangano lotere palibe wonyengedwa, ndipo pamene palibe wonyengedwa palibe bodza.

Kuonjezera apo, nthano yabwino imanena zoona zimene munthu sangathe kuzinena poyera popanda kuutsa ndeu. Fisi wolankhula sadakhaleko, koma fisi wa miyendo iwiri, wodya chuma cha ana amasiye, tonse tamuonapo. Paja akulu adati khotekhote ngwa njira, palinga mtima mpomwepo. Nthano imayenda mokhotakhota, imabisa munthu, koma imafika pa khalidwe lenilenilo niliulula. Miseche imachita zosiyana: imaulula munthu, dzina lake ndi nyumba yake yomwe, koma choona siisamala nacho. Tsono yankho lathu ndi ili: wopeka nkhani sali wabodza, malinga ngati asunga pangano.

Pamene "tili tonse" samveka

Vuto la nthawi yathu nlakuti pa wailesi ndi pa foni pangano limataika msanga. Pabwalo, mwana akachita mantha, agogo ankamuona nafewetsa nkhani. Wolankhula m'makina saona nkhope ya munthu. Womveranso angathe kufika nkhani ili pakati, khomo lija atalidutsa osaliona.

Izi zidachitika ku America pa 30 October, 1938. Orson Welles adaulutsa sewero lonena za zolengedwa za ku dziko la Mars zothira nkhondo dziko lathu, ndipo adalikonza ngati nkhani zongochitika kumene. Poyamba adalengeza kuti ndi sewero, koma ena amene adatsegula wailesi mochedwa adakhulupirira nachita mantha, ngakhale kuti nyuzipepala za masiku amenewo zidakuza mantha ao kuposa m'mene adaliri.

Kuno kwathu, Harri Englund, amene adafufuza kwa zaka zambiri za moyo wa anthu a ku Chinsapo, adatulutsa buku mu 2011 lonena za pologalamu ya MBC ya Nkhani za m'Maboma. Iye adaonetsa kuti omvera ankaikonda chifukwa inkadzudzula mabwana ankhanza, mafumu okondera ndi ena ogwiritsa ntchito udindo wao molakwa. Komabe nkhanizo zinkaulutsidwa ngati zochitikadi, ndi za ufiti zomwe, ndipo funso lakuti kodi nzoona kapena ai silinkachoka pakamwa pa omvera. Anthu ankafuna phunziro la nthano, koma ankalilandira litavala malaya a nyuzi.

Kumene nkhani yopanda khomo imafikitsa anthu tidakuona mu 2017. M'maboma a Mulanje, Phalombe, Thyolo ndi ena a kumwera mudabuka mphekesera ya anamapopa. Umboni padalibe, koma osimba adalipo ambiri, aliyense kuonjezerapo pake. Anthu osachepera 8 adaphedwa ndi magulu a anthu okwiya, ndipo bungwe la United Nations lidayamba lachotsa antchito ake m'madera ena. Nkhani ya Kalulu njopeka, ya anamapopa njopekanso. Ya Kalulu sidaphepo munthu, chifukwa sidadziyese choona ndipo sidaloze chala munthu wamoyo.

Ngongole ya mlembi

Tsono mnyamata kapena mtsikana wojambula nkhani yake pa foni ali ndi ngongole yanji kwa ife omumvera? Tikuona zitatu.

Choyamba, aimike khomo. Anene poyamba, ndi potsiriza pomwe, kuti iyi ndi nkhani yopeka, ndipo atchule dzina lake. Mau a pa foni amadulidwa natumizidwa opanda mutu, ndipo madzi akatayika saoleka. Mlembi amene achotsa dala chizindikirocho, kuti nkhani yake imveke ngati yachitika usiku wathawu ku Area 25 ndi kuti iyende msanga, ameneyo wasiya ulembi, wayamba bodza.

Chachiwiri, abise munthu. M'malokeshoni timakhala mothithikana: khoma limodzi kulekanitsa mabanja awiri, madzi kutunga pa mpopi umodzi. Kusintha dzina lokha sikukwanira ngati aliyense pa mzere wa madzi angathe kuzindikira kuti mai wa m'nkhaniyo ndi uja wogulitsa mandasi pa siteji. Mlembi ali ndi ufulu wotenga zimene waona, monga woumba mbiya atenga dothi, koma alikande kufikira lisadziwikenso kuti lidachokera pa chulu chiti. Munthu wosauka chuma chake ndi mbiri yake. Womlanda imeneyo pofuna kuseketsa anthu wamlanda zonse.

Chachitatu, asaname za moyo. Ili ndilo bodza lobisika koposa. Nkhani ingathe kulengeza bwinobwino kuti njopeka, koma nkumaphunzitsa kuti nkhalamba iliyonse ya maso ofiira ndi mfiti, kuti wolemera aliyense adakhwima, kuti mtsikana akatenga pathupi mlandu ngwake yekha. Apa mpamene Plato adali ndi mfundo. Sitikunena kuti nkhani zonse zizithera pa ukwati, kapena woipa atalapa, pakuti moyo sutero. Njala, ulova, uchidakwa ndi imfa zilipo pakati pathu, ndipo mlembi woziphimba nayenso akunama. Chimene tikupempha nchakuti ngakhale munthu woipitsitsa wa m'nkhani asiyidwe ali munthu ndithu, woti womvera angathe kudziona mwa iye nachita manyazi, m'malo motola mwala.

Wina adzati: kodi pamenepa simukubweza masiku otseka anthu pakamwa? Masiku amenewo tikuwakumbuka. Lamulo la 1968 lidakhazikitsa bungwe lounika mabuku, nyimbo ndi masewero zisadafike kwa anthu, ndipo alembi adaphunzira kulankhula mophiphiritsa. Mlakatuli Jack Mapanje adakhala m'ndende ya Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 popanda kuzengedwa mlandu. Zimenezo zisadzabwererenso. Koma dzanja logwira mlembi pakamwa kuti wamphamvu asadzudzulidwe ndi losiyana kutalitali ndi chikumbumtima cha mlembi mwini wake, chomuletsa kupondereza wopanda mphamvu. Mlembi amene tikumfuna ngwolimba mtima pamaso pa akuluakulu, ndiponso wachifundo kwa ang'onoang'ono.

Mbali yathu ife omvera

Pangano limafuna anthu awiri, ndipo mau oti "tili tonse" ndi athu. Ife makolo, tisanatumize kwa anzathu mau amene tawalandira pa foni, tidzifunse mafunso atatu: wanena ndani? Ndi nthano kapena nkhani yochitika? Ikayenda ipweteka yani? Ambiri a ife sitidzalembapo nkhani, koma tonse tili ndi chala chotumizira, ndipo wosenza bodza la mnzake saposana kwenikweni ndi mwini wake.

Tizimveranso pamodzi ndi ana athu. Nkhani ikatha tisafulumire kuzimitsa nyale. Tiwafunse kuti walakwa ndani, akadakhala iwo akadatani, ndipo ndi pati pamene wosimbayo wakokomeza. Mwana wozolowera mafunso otere sadzatengeka ndi mphekesera iliyonse yodutsa pamsewu.

Ndipo ngati m'nyumba mwathu momwe muli mwana wokonda kulemba, tisamuuze kuti akutaya nthawi. Tikhale ife omvera ake oyamba. Atiwerengere nkhani yake asadaijambule, timuuze moona pamene yatiseketsa, pamene yatitopetsa, ndi pamene yafanana kwambiri ndi banja la pafupi nafe. Chimene agogo ankachipeza poyang'ana nkhope za adzukulu ao, iye achipeze poyang'ana nkhope zathu.

Kuyambira 2012, bungwe la National Library Service, mothandizana ndi nthambi ya UNESCO ya m'dziko muno, lidayenda m'maboma kujambula nthano pakamwa pa akuluakulu, ndipo zidasungidwa zoposa 200. Ntchito imeneyi njoyamikika, pakuti nkhalamba zimapita ndi nkhokwe zao. Koma makina amasunga mau okha, sangathe kuvomera. Nthano imakhala ndi moyo pamene pali wosimba wokhulupirika ndi womvera wa maso. Ana athu akayamba kusimba, kaya pa wailesi, kaya pa foni, kaya pakhonde magetsi atazima, tiwathandize kuimika khomo, ndipo ife tisachite ulesi kuyankha.