Kapaipi Kamene Mwini Galimoto Sakaona

Mukatsegula kachitseko kothirira mafuta pa magalimoto ambiri, pansi pa kamwa la thanki pali kabowo kongokwana pensulo. Kuseri kwa kabowoko kwalumikizidwa kapaipi ka labala kotsikira pansi, pafupi ndi tayala la m'mbuyo. Madzi a mvula, madzi otsukira galimoto ndi petulo wotayikira pothira zimadzera mmenemo n'kugwera pansi.

Fumbi la mu Okutobala limadzaza kabowoko. Mvula ya Disembala ikagwa, fumbilo limasanduka matope, madzi n'kuima pakamwa pa thanki ngati m'kambale. Labala ya chotsekera ikakhala yakutha, kapena wina akatsegula madziwo ali pomwepo, amalowa m'thanki. Madzi ndi olemera kuposa petulo, choncho amakakhala pansi pamene pampu imakokera mafuta. Ku Malawi kuno vutoli lili ndi mbali ina: kuyambira mu 1982, pamene fakitale ya ethanol inayamba ntchito ku Dwangwa, petulo wathu amasakanizidwa ndi ethanol, ndipo ethanol amakoka madzi. Injini imayamba kutsokomola, kenaka n'kuzima. Kapaipiko kakaguluka, petulo amadonthera mkati mwa chitsulo cha galimoto, fungo n'kudzaza buti, dzimbiri n'kumadya mwakachetechete.

Kukonza kwake n'kwa mphindi zochepa. Makaniko amalowetsa waya wofewa kapena kupopera mpweya, matope n'kutuluka. Kapaipi kong'aluka amasintha, n'kumanga ndi kilipi, ndipo labala yake iyenera kukhala yosasungunuka ndi petulo. Kachidutswa ka paipi yothirira dimba kamauma n'kusweka pakapita nthawi.

Apa ndiye pali funso lakale kwambiri. Panobita wa ku Biwi kapena ku Ndirande wawongola galimoto yogundidwa m'mbuyo, wapaka penti, yawala. Kapaipi kaja kapindika n'kutsekeka mkati, ndipo kuti akafike ayenera kumasulanso chotchinga cha pamwamba pa tayala. Dzuwa lapendeka, mwini wake ali pa geti ndi ndalama m'manja. Akangokasiya, adziwe ndani?

Zaka zoposa 2,300 zapitazo Plato anaika funso lomweli m'kamwa mwa m'bale wake Glaucon, m'buku la Republic. Glaucon anasimba za m'busa wa ku Lydia amene anatola mphete yomuchititsa kusaoneka, ndipo ndi mpheteyo anapha mfumu n'kulanda ufumu. Mfundo yake inali yakuti anthu amachita chilungamo poopa kugwidwa basi. Makaniko aliyense wogwira ntchito kunsi kwa galimoto wavala mphete yoteroyo.

Akuluakulu amati choipa chitsata mwini, koma choipa cha kapaipi chimasochera njira. Chimatuluka patatha miyezi itatu, pa msewu wa M1 usiku, mayi ali ndi ana m'galimoto yozima pakati pa Dedza ndi Ntcheu. M'mawa mwake amene amalalatiridwa ndi mnyamata wa pa malo omwetsera mafuta, kuti akugulitsa petulo wa madzi. Panobita uja dzina lake silitchulidwa n'komwe, mwinanso amatamandidwa chifukwa cha penti.

Zipembedzo zimayankha kuti mpheteyo ndi yabodza. Mu Genesis 16, Hagara ali yekha m'chipululu anapatsa Mulungu dzina lonena za kuona, ndipo mu Mateyu 6 Yesu akubwereza katatu kuti zochitika mseri Atate amaziona. Asilamu ali ndi mawu akuti ihsan, kuchita chinthu mwaubwino wonse podziwa kuti uli pamaso pa Allah. Yankholi ndi lamphamvu, koma Glaucon akanatha kuligwira pakhosi. Ngati munthu akumanga kilipi chifukwa chongoopa diso lakumwamba, ndiye kuti wangosintha wapolisi. Mantha ndi omwe aja.

Chimene ziphunzitsozi zikufuna n'chozama kuposa mantha. Mulungu amene anaona Hagara anaona kapolo wothawa nkhanza, woyembekezera, wopanda womuyankhulira. Diso limenelo limayang'ana wovutikayo. Makaniko amene walimvetsa amaona nalo mayi wa pa M1 uja ndi mnyamata wa pa pampu, anthu amene sadzakumana nawo, ndipo amagonanso pa katoni n'kumasula chotchinga chija. Umunthu umene timaulalikira pamaliro ndi paukwati umayesedwa bwino pamalo ngati amenewa, pamene palibe wokuthokoza.

Eni magalimoto nawonso ali ndi gawo lawo. Amene amakangana pa mtengo mpaka makaniko kutsala wopanda phindu, kenaka n'kumamuimirira pamutu kuti afulumire, akugula yekha ntchito yobisa zolakwika.

Mvula isanayambe, tsegulani kachitsekoko, chotsekera thanki chili chomanga bwino, ndipo thirani kapu ya madzi pa kabowo kaja. Akatulukira pansi pafupi ndi tayala, kapaipi kali bwino. Akaima, pitani nayo ku galaja, ndipo amene akonzeyo mumulipire mokwanira.