Chakudza sichiimba ng'oma

Akulu ponena mwambiwu ankachenjeza kuti tsoka limafika mwakachetechete. Umandipweteka mtima ndikamva anthu ku Lundazi akulimbitsana kuti kachilombo kakakhalitsa kamafooka kokha. Lamulo lotero kulibe.

Mtundu wa kachilombo umene umapambana ndi uja wofala msanga. Wodwala achire kapena amwalire, zilibe kanthu ngati kalumphira kale kwa wina. Korona amapatsirana munthu asanagone n'komwe, akadali pamsika, akadali wopanikizana ndi anzake m'minibasi ya ku Chipata, kapena akuwoloka pa Lusuntha kukaona abale ku Malawi. Imfa imabwera mochedwa, kachilombo katapita kale. N'chifukwa chake mtundu wa korona wotchedwa Delta, m'miyezi ya June ndi July 2021, unafala kwambiri n'kupha anthu ambiri mu Zambia kuposa mtundu woyamba wa 2020.

Omicron, mtundu wina wa korona umene akatswiri a ku South Africa analengeza mu November 2021, inaoneka yofatsa. Koma inapeza ambiri atalandira katemera kapena atadwalapo kale, matupi akuidziwa nkhondoyo.

Nanga chiwewe? Chakhala nafe kuyambira makolo, ndipo mpaka lero wolumidwa ndi galu akayamba kuonetsa zizindikiro, kuchira n'kosowa.