Manja Amene Anamanga Nyumba za Mulungu

Aliyense amene anagonapo chagada m'nyumba yozungulira ya makolo athu kuno ku Katete, nayang'anitsitsa momwe phaso lililonse limanyamukira pakhoma kukakumana ndi anzake pansonga, sangavutike kumvetsa ntchito ya John Wastell, mmisiri wa ku Bury St Edmunds, amene pakati pa 1512 ndi 1515 anamanga denga lamkati la kachisi wa King's College ku Cambridge ndi miyala yokhayokha. Kumeneko mitsempha yamwala imaphuka pansanamira, nitambasuka ngati masamba a mgwalangwa, kufikira itakumana mamita 24 kuchokera pansi. Ndipo dengalo, lopanda luzi, limagwirizika ndi kulemera kwa mwala uliwonse wotsamira unzake. Amisiriwo ankayamba aimika chimango cha matabwa, nayalapo miyala yosema, ndipo atakhazika mwala wapakati m'pamene ankachotsa matabwawo, mitima ili m'mwamba.

Dzina la Wastell tikulidziwa chifukwa pangano la ntchito yake linalembedwa. Ngakhale osema wamba a masiku amenewo ankagoba chizindikiro chawo pamwala, kuti kapitawo awerengere malipiro, ndipo zizindikirozo zikuonekabe.

Apa m'pamene mtima wanga umawawa. Tchalitchi chachikulu cha Petro Woyera pa Likoma, chimene anayamba kumanga mu 1903, timachitchula pamodzi ndi Frank George amene anachikonza, ndipo nkoyenera kutero. Koma mutu umodzi susenza denga, nanga amene anaphwanya miyala ya pachilumbapo, naisenza, naiwongola ndi chingwe, ndani? Funso lomwelo ndimalifunsa ndikafika ku Nyanje, kumene a Dutch Reformed anakhazikika mu 1905, kapena pa chipatala cha St Francis chimene chinatsegulidwa mu 1948: amuna amene anaponda dothi ndi kuwotcha njerwa, amayi amene anatunga madzi tambala asanalire, anali agogo a ife tomwe, komatu mbiri yasunga wansembe ndi dokotala, iwo niwasiya kunja kwa mpanda.

Ndikupempha akulu ampingo a ku Sinda, Vubwi ndi Katete kuti, nkhalamba zokumbukira zisanatsikire kumanda, akhale nazo pamphasa, afunse amene anawaka khoma lililonse, ndi mudzi wake, ndi mfunda wake, alembe m'buku lomwe amalembamo obatizidwa.